Poulidor sanavaleko jezi yachikasu, koma dzina lake likadalipo

Mukafunsa okonda mpikisano wa njinga kuti anapambana Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France umene umachitika m'magawo a tsiku ndi tsiku, mu 1966 ndani, ambiri amayamba kukanda m'mutu. Anali Lucien Aimar. Mu 1967 anali Roger Pingeon. Koma mukangotchula Raymond Poulidor, yemwe anapalasa Tour ka 14 osapambanako, osavalako ngakhale tsiku limodzi jezi yachikasu, imene amavala amene akutsogola pa mpikisanowu, ku France aliyense amamudziwa. Amamutchula mwachikondi kuti "Poupou".

Munthu amene ankamutsekera njira anali Jacques Anquetil, woyamba kupambana Tour kasanu: mu 1957, kenaka kuyambira 1961 mpaka 1964. Anquetil anali katswiri pa magawo amene aliyense amapalasa payekha wotchi ikuwerenga. Ankasonkhanitsa masekondi pamenepo, m'mapiri n'kumangowateteza. Anthu ankamulemekeza, koma kumukonda ayi ndithu. Ankaoneka ngati wopalasa ndi masamu.

Chaka chimene chinamanga mbiri ya Poulidor ndi 1964. Pa gawo lothera ku Monaco, anathamanga mwamphamvu akuganiza kuti afika pomaliza, pomwe panali patatsala kuzungulira bwalo kamodzi. Wopambana gawo nthawi imeneyo ankachotseredwa mphindi yathunthu pa nthawi yake, ndipo mwayi umenewo unamupulumuka. Kenaka pa 12 July panabwera phiri la Puy de Dôme. Awiriwa anakwera limodzi, mapewa akugundana. Anquetil anali atatheratu mphamvu, koma m'malo mobisala kumbuyo anakhala pambali pa mnzakeyo kuti kutopako kusaoneke. Poulidor anachedwa kuzindikira. Atamusiya chakumapeto kwa chitundacho anamupitirira ndi masekondi 42 okha, ndipo Anquetil anasunga jezi yachikasu ndi masekondi 14. Ku Paris, kumene mpikisanowo unathera, Anquetil anapambana ndipo awiriwa anasiyana ndi masekondi 55. Onani mphindi ija ya ku Monaco!

Sikuti Poulidor anali wosapambana. Anatenga mpikisano wa ku Italy wa Milan–San Remo mu 1961 ndi wa ku Spain wa Vuelta a España mu 1964. Koma pa Tour anathera pa nambala yachiwiri katatu, yachitatu kasanu, komaliza mu 1976 ali ndi zaka 40. Atapuma Anquetil kunabwera katswiri wa ku Belgium, Eddy Merckx, ndipo nkhani inali yomweyo. Mu 1973 jezi ija inamuphonya pa tsiku loyamba ndi nthawi yosakwana sekondi imodzi, Joop Zoetemelk ndiye anaitenga.

Kwa ine chimene chinamusunga m'mitima ya anthu ndi kutalika kwa zaka zake pamsewu, komanso kuti anali mwana wa mlimi wa kudera la Limousin ku France, amene anakhala mu timu imodzi ya Mercier mpaka kupuma.

Anamwalira mu November 2019. Mu 2021 mdzukulu wake, Mathieu van der Poel, anapambana gawo lachiwiri la Tour pa chitunda cha Mûr-de-Bretagne n'kuvala jezi yachikasu, akulira.