Sabata ya maphukusi pa OR Tambo

Disembala ikayandikira, mzere wa okwera ndege yopita ku Blantyre ndi Lilongwe umatalika kwambiri pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg. Ine ndimakhala pa kauntala yoyezera katundu, ndipo anzanga akangomva Chichewa pamzerewo amandikodola.

Lolemba zinali za mitolo. Kuyambira mu 2019, bwalo lino sililandira katundu wozungulira, wokulunga m'bulangete kapena wa zingwe zolendewera, chifukwa amakola malamba oyendetsa zikwama. Pamafunika mbali imodzi yafulati. Bambo ena anakakulungitsa mtolo wawo akung'ung'udza, koma anakwera.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse: power bank imayenda m'chikwama cha m'manja, osati chopita kunsi kwa ndege, pomwe mafuta odzola opitirira 100 ml amayenera kupita kunsiko. Botolo lalikulu likafika pa makina achitetezo limatsala, ngakhale mafutawo atatsala pang'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi maphukusi a eni. Lachinayi ndinafunsa mayi ena ngati analongedza okha.

"Eya mwana wanga, kupatula timaphukusi iti. Andipatsira anzanga a kumpingo."

"Muli chiyani, mayi?"

"Aaa, ndingatsegule za eni ake?"

Kwathu kukana kunyamulira mnzako kumaoneka ngati nkhanza, ndipo nanenso ndimatumiza zinthu kwa amayi ku Balaka. Koma chikwama chimalembedwa dzina la wokwera. Chikapezeka choletsedwa, wofunsidwa ndi iyeyo, wotumayo ali phee ku Rosettenville, mu Johannesburg. A MRA akafuna msonkho pofika, wolipira ndi yemweyonso. Tinatsegula limodzi. Munali nsapato, mafoni atatu atsopano ndi envulopu ya ndalama. Ndinawakumbutsa kuti ndalama za marandi zotuluka nazo mu South Africa muno zisapitirire malire ovomerezeka popanda chilolezo, ndipo za mu envulopu zimawerengedwa pamodzi ndi zawo. Anaimbira mwini wake foni pomwepo, mawu atakwera.

Lachisanu mnyamata wina anandinong'oneza kuti masiku 30 amene anamudindira polowa anatha kalekale, ndiye ndimuthandize. Za pasipoti si za pa kauntala yathu, ndi za a imigireshoni kutsogoloko. Ndinangomuuza zoona: wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi, woposa pamenepo zaka 5. Anafunsa ngati katundu wake apitebe. Ndinati apita, ndipo ndinamuyezera.