Zomwe tinaona ku Gazi ndi ku Kuruwitu

Anzanga omwe munatsala, paja ndinalonjeza kuti ndikabwerako ndilemba, ndiye nayi nkhani ya ulendo wathu wa kugombe la Kenya uja. Zam'njira sindichulutsa gaga m'diwa, galimoto inatifera kawiri, ku Mombasa tinafika titatheratu.

Tinayambira ku Gazi, kummwera kwa Mombasa m'dera la Kwale. Atanena kuti tikukaona mikoko ine maganizo anali pa mikoko ya nthochi, osadziwa kuti pa Chiswahili ndi mitengo ija imamera m'matope a madzi amchere, mizu ili yangayanga pamtunda. Amayi a m'mudzimo ndi omwe anatiyendetsa pa kamlatho kamatabwa kodutsa m'nkhalangomo, pansi tinkhanu tikuthawira m'mauna. Polojekiti yawo ya Mikoko Pamoja inayamba 2013, amasamala mahekitala 117, ndiye poti mitengoyi imasunga kaboni wambiri m'matope amagulitsa ma carbon credit (ziphaso za kaboni wosungidwayo zomwe amagula ofuna kulipirira mpweya woipa womwe amatulutsa), ndalamazo n'kukokera madzi m'mudzi komanso kugulira ana asukulu mabuku. Bambo wina wa m'gulu lathu anafunsa kuti nanga milimo yomangira nyumba mumaitenga kuti, anthuwo anangotilozera mitengo ya casuarina yomwe anadzala kumtunda kuti wodula mikoko asowe chowiringula.

Koma ine kwanga kunali ku Kuruwitu, ku Kilifi. Kumeneko asodzi eni ake ataona kuti maukonde akubwera opanda kanthu anapanga bungwe lawo 2003, kenako n'kutseka mahekitala 30 a nyanja, osaponyamo ukonde kapena mbedza, iwo amati tengefu. Anandiveka magalasi olowera m'madzi aja, ndinayamba ndamwa kaye madzi amchere mpaka kutsokomola, koma nditazolowera aaa abale, nsomba zamawangamawanga zikungondizungulira pa ma coral, miyala yamoyo ya pansi pa nyanja ija, osathawa n'komwe. Zikaswana mmenemo zimasefukira kunja komwe kuwedza n'kololedwa, ndiye msodzi yemwe uja ankadandaula kuti mwatitsekera podyera ndi amene amayamba kupindula.

Madzulo ake tinakangana zedi. Ena amati zonsezi n'chifukwa cha boma, paja Kenya inaletsa majumbo apulasitiki mu 2017 ndipo ma Beach Management Unit, makomiti oyang'anira usodzi pa madoko, ali m'malamulo. Sindikutsutsa, lamulo limathandiza wakuba nsomba akagwidwa kuti nkhani isathere pa kukalipirana. Koma mabotolo apulasitiki tinawapondabe pagombe, ndipo usiku amene amaona bwato likulowa mu tengefu si munthu wa ku ofesi ayi, ndi mnansi wako yemwe munakhala naye pansi pogwirizana zotsekazo. Apa ine sindinagonje ngakhale apampando anandiyang'ana diso lija.

Zithunzi ndiponya pa gulupu netiweki ikakhazikika. Alembi akuti pamsonkhano ukubwerawu tibwere ndi asodzi omwe, makamaka aja amakana zotseka malo, osangoti ife a komiti tokhatokha.