Si maswiti ayi, ndi zakumtundu

Kuno ku Matero aliyense ankangomunena mwana wa achemwali anga ati amadya maswiti kwambiri, poti mano ake ndi abulawuni ngati tiyi komanso amangobenthuka akaluma nzimbe olo chimanga chootcha. Koma adokotala a mano akuti ayi, ndi zobadwa nazo, dzina lake dentinogenesis imperfecta. Pansi pa enamel, chikuto cholimba chakunja kwa dzino, pali gawo lotchedwa dentin, mkati mwake muli collagen, tiulusi tomwe timagwira dzino kuti lizipirira osasweka. Jini (malangizo a m'thupi omwe timatengera kwa makolo) yopangira collagen, ya COL1A1 kapena COL1A2, ikalakwika tiulusito timafooka, enamel imasupuka ndiye dzino limangoperepeseka msangamsanga. Mafupanso amavuta chimodzimodzi poti nawonso ali ndi collagen, paja bambo ake a mwanayu anathyoka mwendo katatu ali mwana, ife tinkangoti ndi tsoka lawo basi!