Loweruka la chimbale cha amalume

Mvula yagwa kuyambira mbandakucha, ndiye ulendo wa kumsika unalephereka. M'malo mwake ine ndi amayi tinatulutsa sutikesi ya malemu amalume, yomwe yakhala pansi pa bedi chitisiyireni iwo. Pansi pa makalata ndi zithunzi panali zimbale za galamafoni. Chimodzi, chikuto chake chodyekadyeka m'makona, chinali Phantazia cha Noel Pointer, woimba vayolini wa ku America, chomwe kampani ya Blue Note inatulutsa m'chaka cha 1977.

Galamafoni tilibe, choncho ndinachifufuza pa YouTube n'kulumikiza foni ku kasipika. Amayi anali pamphasa, akusankha nyemba m'lichero. Vayolini atangolira, manja awo anaima. "Ameneyutu ndiye achimwene ankatisowetsa naye tulo ku Ndirande," anatero. "Ife tinkangoti kaligo wachizungu."

Dzina limenelo landikhala mumtima tsiku lonse. Kaligo wathu ali ndi nsambo imodzi, vayolini zinayi, koma onse awiri amawakwecha ndi uta, ndipo onse amalira ngati munthu. Vuto lake n'lakuti vayolini ali ndi mawu ochepa. Ng'oma ndi besi zikayamba, amamira. N'chifukwa chake oimba ngati Pointer ankaika kachipangizo kotola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku ampulifaya, chipangizo chokweza mawu. Apo ndiye vayolini amayandama pamwamba pa besi ya funk, akulira mokoka ngati mayi wotsogolera nyimbo pamaliro, kenaka n'kudumphadumpha mpaka phazi lako kuyamba lokha kugunda pansi.

Masana onse ndakhala ndikuwerenga za Pointer. Anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, pa 26 Disembala 1954. Anayamba ndi nyimbo za classical, ndipo ali ndi zaka 13 zokha anaimba patsogolo pa gulu la Symphony of the New World. Akanatha kukhala moyo wake wonse m'maholo a anthu ovala masuti, koma anapita ndi vayolini wake ku jazz ndi soul. Phantazia anajambula ali ndi zaka 22, mothandizidwa ndi akatswiri ojambula nyimbo Dave Grusin ndi Larry Rosen. Kenaka kunabwera Hold On mu 1978, Feel It mu 1979, ndi zina. Ena amati nyimbo zoterezi n'zofewa kwambiri, si jazz yeniyeni. Ine ndikukana. Luso la zala zimenezija silibwera mwamasewera.

Chandipweteka ndi imfa yake. Anamwalira ndi sitiroko pa 19 Disembala 1994, kutatsala sabata imodzi kuti akwanitse zaka 40. Nditawauza amayi, anangopukusa mutu. "Mwana ndithu ameneyo."

Madzulo ano nyemba zili pamoto, ndipo andiuza kuti ndibwerezenso nyimbo yoyamba ija. Chimbale ndachipukuta ndi kansalu kofewa, ndachiika pashelefu pafupi ndi chithunzi cha amalume. Lolemba ndikafunsa kwa okonza mawailesi ngati wina akadali ndi galamafoni yogwira ntchito.