Timasowo tinkathyoka chifukwa cha tebulo

Dzulo ndinadula ndolo ziwiri za mkuwa ndi kasowo kamodzi (kachitsulo kopyapyala ka mano komanga pa sowo), ndipo kakadali kamoyo. Amene munagwirapo sowo ya osula siliva mukumvetsa chifukwa chake mtima wanga wakhala pansi. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikuthyola timasowo ta saizi 2/0 tinayi kapena tisanu madzulo aliwonse, moti kamtolo ka timasowo 12 sikankafika tsiku lachinayi. Poyamba ndinkadandaula ndi manja anga, kenako ndinkati timasowoto ndi tachabechabe. Phula la njuchi ndinkapaka, mano ankaloza pansi, ndipo ndinkakunga kasowo mpaka kazilira ndikakakhudza ndi chala. Zonsezo osathandiza.

Vuto linali tebulo. Ndinkagwirira ntchito pa tebulo lodyera lotalika masentimita 75, ndipo tebulo lotere analipangira mbale ya nsima, imene munthu umaiyang'ana uli pamwamba pake. Kuti ndione mzere umene ndikudula ndinkawerama, ndikawerama chigongono chinkatuluka panja, chigongono chikatuluka sowo inkapendekeka. Kasowo kopyapyala ngati ulusi sikapirira kupendekeka. Benchi la osula, lomwe ndi tebulo lawo logwirirapo ntchito, limatalika masentimita 90 mpaka 100, mpando wake umakhala wotsika, kuti bench pin, kathabwa kotuluka kutsogolo kwa benchi kotsamiritsapo chitsulo podula, ifike pachifuwa. Chitsulo chimabwera pafupi ndi maso, msana uli chilili, mkono uli m'nthiti, ndipo sowo imangokwera ndi kutsika molunjika. Pokhota, sowo sukhotetsa ayi, umazunguza chitsulocho pa bench pin sowo ikuyendabe pamalo amodzi. Mawu amenewa ndinawamvapo kambirimbiri, koma pa tebulo lotsika lija thupi langa silikanatha kuwachita ngakhale ndikanawaloweza pamtima.

Benchi langa wandikhomera ndi kalipentala wa kumsika kwathu. Mlombwa unandikulira mtengo, ndiye tinamata matabwa awiri a paini kuti pamwamba pakhale pochindikala pafupifupi masentimita 5. Nditamuuza kuti adule kutsogolo ngati theka la mwezi anandiyang'ana kaye. "Achimwene, thabwa labwinobwino tilibowole pamimba?" Atamva kuti ndi polowa thupi kuti ndiyandikire ntchito, anadula bwino kwambiri. Kachidutswa ka mlombwa kamene kanali pansi m'shedi mwake ndi kamene kanakhala bench pin, ndinadula ndekha mphanda yake ngati chilembo V n'kukamanga ndi mabauti awiri. Nyumba ndi ya lendi, sindingakhomerere benchi kukhoma, choncho ndinaika thumba la mchenga pa shelefu ya pansi kuti lisamagwedezeke ndikamamenya ndi hamala. Pansi pa theka la mwezi lija ndinapachika chikopa cha mbuzi cholandira utuchi wa chitsulo. Ndi mkuwa sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma ndikayamba siliva wa 925 (amene magawo 925 mwa 1000 ndi siliva weniweni) kalikonse kakugwa ndi ndalama. Ndimayendetsamo maginito kuti atole tizidutswa ta timasowo, poti siliva ndi mkuwa sizimamatira ku maginito.

Ndikunena ndi mtima wonse kuti amene mukuyamba musathamangire kugula mota yopukutira kapena mapulayala ambirimbiri. Konzani kutalika kwa benchi, ngakhale potsamiritsa miyendo ya tebulo pa njerwa. Kwa ine zolakwika zambiri za wophunzira zimachokera pamenepa. Ngakhale tupa tsopano ikuyenda mowongoka, m'mbali mwa ndolo simukutulukanso mokhotakhota, ndipo ululu wa m'khosi umene ndinkagona nawo watha.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti aphunzitsi amene ndinkapitako Loweruka lililonse sananditchulirepo za kutalika kwa benchi. Kwawoko ndinkathyola timasowo tochepa, kunyumba tambiri, ndipo ndinawauza kangapo. Yankho lawo linali limodzi: "Manja azolowera, mwana wanga." Ndi munthu waluso, mphete zawo ndimazisirira, koma akhala pa benchi lawo zaka zambiri moti saliwonanso ngati chida. Akanangondifunsa kuti kunyumba ndimakhalira pa chiyani, miyezi itatu ija sikanapita pachabe. Ndipo nthawi ndi imene ndilibe. Ndimaweruka kuntchito dzuwa litapendeka, benchi ndinaliika pawindo koma kuwala kumakhala kutatha, ndipo magetsi akazima ndimadalira kanyale ka sola kamene kamaponya mthunzi pa mzere weniweniwo umene ndikudula.

Za kuwotcherera sindinaganize bwino. Ena amawotcherera pa benchi lomwelo ataika njerwa yosapsa, ena amapatula malo ena pafupi ndi khomo chifukwa cha utsi. Benchi langa ndi la paini, pansi pali chikopa, ndipo siliva wa 925 amasungunuka pa madigiri pafupifupi 890, ndiye moto wake si wamasewera. Chipinda n'chaching'ono, tebulo lachiwiri silingakwanemo. Palinso funso lina limene likundivutitsa: kodi ndi benchi lokha limene lasintha zinthu, kapena manja anazoloweradi monga ankanenera aphunzitsi aja, n'kungokumana nthawi imodzi? Ndili ndi kamwala ka aquamarine ka ku Mzimba m'bokosi la machesi, ndimafuna kukaika pa mphete yanga yoyamba ya siliva. Mwina mwezi wamawa, mwina ndidule kaye mkuwa wina ndione ngati kasowo aka kafike Lamlungu.