Ndatenga Ibanez, ndasiya Epiphone

Kwa anzanga oimba amene mwakhala mukundifunsa kuti nkhani ya gitala ija inatha bwanji: pa magitala awiri amene ndinkasankhapo imodzi yoti ndigule, ndatenga Ibanez AS73, Epiphone Dot ndaisiya. Koma musathamangire kunena kuti ndiye kuti Ibanez ndi yoposa inzakeyo, ayi. Manja angawa akanakhala aakulu pang'ono, bwenzi lero ndikulemba zina.

Magitala onse awiri ndi ogwirapo kale ntchito, ndipo onse analowa m'dziko muno kuchokera ku Joni. Ibanez inali ndi mnyamata wina wogulitsa zida zoimbira ku Old Town, mu Lilongwe muno. Epiphone inali ya mkulu wina wa ku Area 25 amene anaimbapo m'mahotela kalekale, koma pano zala zayamba kumuuma, ndiye wasankha kuti gitala ipite kwa woti aziigwiritsa ntchito. Mitengo sinasiyane kwenikweni, ndipo ine ndalama zinali zokwanira imodzi basi.

Kwa amene simunagwirepo gitala ya mtundu wa semi-hollow, thupi lake ndi lopyapyala, m'mbali monse muwiri muli mphako ndi mabowo ooneka ngati chilembo cha f, koma pakati pali chipika cha mtengo chochokera pamene pathera khosi mpaka kumunsi. Mapikapu (tizipangizo totola kunjenjemera kwa nsambo) ndi bridge (pamene nsambo zimatsamira pathupi la gitala) zimakhala pa chipika chimenecho. Anayamba nazo ndi a Gibson mu 1958 pamene anatulutsa ES-335. Vuto limene ankafuna kuthana nalo ndi loti magitala akuluakulu a jazi aja, a mphako thupi lonse, ukawakwezera saundi amayamba kulira okha. Mawu ochokera m'sipika amagwedeza thabwa la pamwamba, thabwalo n'kugwedeza nsambo, pikapu n'kutolanso, basi zimangozungulira mpaka huuu, holo yonse kutseka m'makutu. Chipika chapakaticho chimaletsa thabwa kugwedezeka kwambiri, koma mphako za m'mbali zimasiyabe kampweya kena m'mawu ake. Dot ndi AS73 zonse zinatengera pomwepo: mafureti (tizitsulo topingasa pakhosi) 22, mapikapu awiri, manobu anayi, khosi lomata ndi guluu osati lomanga ndi masikuluwu.

Ena anandifunsa kuti bwanji osangodikira gitala yeniyeni ya jazi, yamphako yonse ija. Yankho lili pa kumene ndimaimba. Lachisanu madzulo timakhala atatu pa lesitilanti ina ku City Centre, ine, wa besi ndi wa madiramu, nthawi zina kubwera mnzathu wa sakisofoni. Pamenepo saundi imakhala yotsika, anthu akudya, gitala iliyonse ikhoza kugwira. Koma Lamulungu ndimakhala kutchalitchi ku Kawale, monita (sipika yoti woimba azidzimvera) ili pamapazi pomwepa, wa madiramu akumenya ndi mtima wonse, ndipo kukakhala ukwati Loweruka mukudziwa kale mmene a zokuzira mawu amakwezera. Woimba wa ku Lilongwe kuno amene ali ndi gitala ya jazi payokha ndi ya kutchalitchi payokha ndi wodala. Ambirife imodzi yomweyo iyenera kuzungulira monsemo.

Poyamba kuzimva, zinaoneka ngati zosiyana kutali. Ibanez inkamveka yakuthwa, yowala, pamene Epiphone inkamveka yakuya, ngati kuti ndiyo yajazi yeniyeni. Koma Ibanez inali ndi nsambo zatsopano zopyapyala, ma 9 (nambala ikakula ndiye kuti nsambo n'zonenepa), pamene za Epiphone zinali zokalamba, zakuda ndi thukuta la zaka. Pamenepo ndiye kuti ukuyerekeza nsambo, osati magitala. Ndinapempha eni ake onse awiri kuti ndiikemo nsambo zofanana, ma 11, zogula ndekha, ndipo anavomera. Ndinanyamula ka ampu kanga ka Roland Cube kupita nako uku ndi uku, manobu ake osakhudza, n'kujambula pa foni nyimbo imodzi yomweyo: pikapu ya kukhosi yokha, nobu ya toni itabwezedwa kufika chapakati.

Zojambulazo ndinakamvetsa mnzanga wa besi osamuuza kuti iyi ndi iti. Anamvetsera kangapo, kenako anati, "Aise, ukundiyesa eti? Imeneyi ndi gitala imodzi."

Kusiyana kunalipo, sindingakane. Epiphone inali yonenepako kumunsi, Ibanez inkatulutsa manotsi a mu kodi (chord, manotsi oimbidwa pamodzi) iliyonse payekhapayekha, ndipo ine zimenezo ndimazikonda. Koma ndi kusiyana koti ukatsitsa pikapu pang'ono ndi sikuludiraiva, kapena ukasintha piki (kapulasitiki koimbira nsambo) n'kutenga yokhuthala, kapena ukangosuntha dzanja n'kumaimbira kufupi ndi khosi, kumatha. Anzathu ambiri amathera mabando pa YouTube kumvetsera mavidiyo oyerekeza magitala awiriwa, pamene mbali yaikulu ya mawu a jazi ili m'nsambo, mu ampu ndi m'dzanja lamanja. Wes Montgomery, katswiri wa gitala ya jazi, ankaimba ndi chala chachikulu, opanda piki, ndipo kufewa kwa mawu ake kumene tonse timakufuna kunkachokera kwambiri pa mnofu wa chalacho.

Pa mapikapu chimene ndinaonetsetsa n'chimodzi: onse ndi ma humbucker. Mtundu umenewu uli ndi makoyilo awiri okulungidwa motsutsana, kotero phokoso la magetsi lolowa mu imodzi limafafanizidwa ndi inzake. Anaupanga ndi Seth Lover wa ku Gibson, ndipo unayamba kuoneka pa magitala awo mu 1957. Kuno n'kofunika zedi. Nyumba zambiri zimene timaimbamo waya wa earth ndi wokayikitsa, ndipo magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, gitala ya mapikapu a koyilo imodzi imang'ung'udza moti nyimbo yodekha siimveka n'komwe. Apa onse awiri anapambana mofanana.

Za maina anthu anandiuza zambiri. Ena amati Epiphone ndi banja limodzi ndi Gibson, zomwe n'zoona kuyambira 1957, ndipo Larry Carlton anatchuka ndi ES-335 ya Gibson ija mpaka kumutcha "Mr. 335". Ena amati Ibanez ndiye ya jazi, si uyo John Scofield wakhala zaka zambirimbiri ndi AS200 yake, George Benson nayenso ali ndi gitala ya dzina lake ku kampani yomweyo. Zonsezo n'zoona, koma magitala a akuluakuluwo ndi a mtengo wina, opangidwa mwa mtundu wina. Zathuzi ndi azibale awo otsika mtengo: Dot inabwera mu 1997, ndipo mndandanda wa Artcore, mmene muli AS73, unayamba mu 2002. Dzina lili pamutu pa gitala silinandithandize kalikonse posankha.

Chimene chinagamula mlandu ndi khosi.

Kutalika kwa nsambo pa magitala awiriwa n'kofanana, pafupifupi mainchesi 24.75, kufupikirapo poyerekeza ndi 25.5 ya gitala ya Stratocaster imene ambirife tinaphunzirirapo. Papepala ndiye palibe nkhani. Koma khosi la gitala lili ngati mpini wa khasu: awiri akhoza kufanana kutalika, koma umodzi wokha ndi umene dzanja limaulandira, ndipo umadziwa utalima nawo ndime, osati pougwira pamsika. Khosi la Epiphone ija linkadzaza chikhatho changa chonse. Pa makodi wamba a kutchalitchi, G, C, D, linali bwinobwino, mwinanso lokoma kuposa linzake. Koma jazi sikhala pamenepo. Wa sakisofoni akabwera timaimba mu B flat, mu E flat, mu F, makiyi amene sungadalire nsambo zongosiya zokha, ndipo kodi imasintha kawiri pa bala imodzi, zala zinayi zonse zili pantchito, chala chaching'ono chikutambasuka kukafika kutali. Ndinakhala nayo pakhonde la mkulu uja nthawi yotalika ngati seti yathu yonse ya Lachisanu, ndipo pomaliza mnofu wa patsinde pa chala chachikulu unali utayamba kukoka. Khosi la Ibanez ndi lophwatalala pang'ono kumbuyo. Nditachita chimodzimodzi ku Old Town, ndinadzuka dzanja lili lomasuka, ndikufunabe kupitiriza.

Kukoka kumeneko musakuone kuchepa. Munthu akamamva kuwawa amayamba kuzemba makodi ena osadziwa n'komwe, amasankha njira yachidule, ndipo pakapita chaka kaimbidwe kake kamakhala kataumbidwa ndi ululuwo. Ndaona anzanga aluso akusiya kuyeserera kunyumba, iwo n'kumati ulesi, chonsecho ndi gitala imene sikugwirizana ndi dzanja lawo.

Mkulu wa ku Area 25 uja anaona yekha ndikutambasula zala. Anati, "Mphwanga, ikukupweteka eti?"

Ndinati, "Pang'ono, madala, koma mwina ndizolowera."

"Ayi, usadzikakamize. Ine inandiyenera chifukwa taona manjawa. Iwe kafune yako."

Munthu wofuna ndalama sayankhula choncho, ndipo ndinamulemekeza kwambiri. Anandiphunzitsanso chinthu china chimene tsopano ndizichita pa gitala iliyonse: usanailumikize ku ampu, imba notsi iliyonse, fureti ndi fureti, nsambo zonse zisanu ndi imodzi, uzimvetsera ngati pali ina imene ikufa msanga kapena kunjenjemera pa chitsulo. Zimatenga nthawi ndipo wogulitsa amatopa nawe, koma ampu imabisa zambiri, makamaka m'sitolo mmene wina akuyesa kiyibodi pambali pako.

Pali zina zimene wogula gitala ku London kapena ku Johannesburg mwina saziganizira kwambiri, koma kuno n'zazikulu. Nyengo yathu imasinthasintha mtengo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala mpweya umauma, thabwa la pakhosi limanyala pang'ono, nsonga za mafureti n'kuyamba kukanda m'mbali mwa zala. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala chinyezi chimabwerera, khosi n'kusunthanso, nsambo kukwera kapena kutsika. Choncho ndinaonetsetsa kuti chitsulo cha m'kati mwa khosi, truss rod, chikutembenuka mbali zonse ziwiri pa magitala onse. Chikakhala chodyeka mutu kapena chomangika mpaka pamapeto, gitala imeneyo isiyeni ngakhale ikongole bwanji. Nanga fumbi la mu Seputembala! Limalowera m'mabowo a f aja n'kukakhala m'manobu, ukapotokola voliyumu kumangomveka kwee kwee. Ndipo magitala a mtundu uwu alibe chitseko kumbuyo. Nobu ikafa, kapena polowetsa chingwe pakamasuka n'kugwera m'kati, wokonza amayenera kuvuula zonse kudzera pa kabowo komweko ndi kawaya, ntchito yofuna kuleza mtima, ndipo si aliyense wokonza mawailesi mumsika amene angaivomere. Ndinapotokola nobu iliyonse pang'onopang'ono, n'kugwedeza chingwe chili cholowetsa. Zonse zinali bwino uku ndi uku.

Pamene mtima unagwedezeka kwenikweni ndi pa bokosi. Epiphone inali ndi bokosi lake lolimba, Ibanez inali m'chikwama chansalu. Ine galimoto ndilibe. Kuchoka kwathu ku Biwi kupita kokaimba ndi minibasi, mwinanso kabaza wa njinga yamoto usiku pobwerera, ndipo aliyense amene anakwerapo minibasi ndi gitala akudziwa mmene kondakitala amaikankhira pansi pa mpando kuti pakwane munthu wina. Mutu wa magitala amenewa ndi wopendekera kumbuyo, ndiye ikagwa chagada pamene pamathyoka ndi pomwepo, pakati pa mutu ndi khosi. Thupi lakenso ndi lotambalala, pafupifupi mainchesi 16, moti silikwana m'bokosi la gitala wamba. Ndinaganizira ndithu zotenga Epiphone chifukwa cha bokosilo. Koma bokosi ndikhoza kuitanitsa, pamene khosi palibe mmisiri angandisemere lina. Ndalankhula ndi mayi wina amene amapita ku Joni kukaoda katundu, ndamupatsa miyeso, ndipo pakadali pano ndikumalipira mpando wachiwiri mu minibasi kuti gitala ikhale choimirira pambali panga.

Epiphone ija sinapite kutali. Ndinauza mnyamata amene timasinthana naye gitala kutchalitchi, wamtali, wa manja ngati a madala aja. Anapita kukaiyesa, ndipo anabwera nayo tsiku lomwelo. Ndimaimva Lamulungu lililonse, ndipo m'manja mwake imalira bwino kuposa mmene inkalirira mwa ine.

Chatsala ndi nsambo. Zimene ndikufuna ndi zosalala zija, ma flatwound, za ma 12, zimene sizilira tswii chala chikamatsetsereka ndipo zimakhalitsa miyezi yambiri, koma m'masitolo a mu tauni muno sindinazipeze, ndiye zibwera limodzi ndi bokosi. Zikafika padzakhala kantchito: n'zolemera kuposa zimene zilipozi, choncho zidzakoka khosi ndipo truss rod idzafunika kumanga pang'ono, timipata ta kumutu mmene mumadutsa nsambo mwina tidzafunika kukuza, ndipo popeza nsambo ya G imakhala yokulungidwa, pa bridge padzafunika kusuntha kuti manotsi a kumtunda asamaphonye. Ngati pali wina mu Lilongwe muno amene ali ndi tupa ting'onoting'ono ta ntchito imeneyi, tiuzane, ndidzabwera nayo gitalayo.