Usiku umene ndinagwidwa ufiti ku Chibavi

Utelala ndi ntchito ya matako. Ine ndimakhala pa makina kumsika waukulu wa Mzuzu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nkhomaliro yanga chipisi cha pachiwaya, mgonero nsima ya ufa woyera ndi usipa wa ku Nkhata Bay. Madzi sindinkawalabadira, poti kuzizira kwa kuno mu Juni ludzu silimveka. Mimba inauma. Kuchimbudzi ndinkakhalitsa, uku ndikutchima, uku chala chili pa Facebook.

Kenako ndinayamba kuona magazi ofiira papepala, kunsi kukunyerenyetsa, ndipo kunatuluka kachotupa. Tsiku lina pa Sacramento, njinga ya kabaza ya kuno, ndinakhalira tako limodzi njira yonse, mpaka mnyamata wopalasa anandipempha kuti ndikhale bwino tingagwe.

Mayi a kunyumba ndi amene anandikokera kuchipatala. Adokotala atavala magolovesi ndi kuona kumene sikuonedwa, anati ndi mudzi: mitsempha ya magazi ya potulukira chimbudzi imatupa munthu akamadzimbidwa, akamatchima, akamakhalitsa pansi kapena kunyamula zolemera. Amayi oyembekezera nawonso umawapeza. Anapezanso kachilonda kong'ambika ndi chimbudzi cholimba, ndiye kaja kamandiliza potuluka. Anati ndachita bwino kubwera, chifukwa magazi a kumeneko nthawi zina ndi chizindikiro cha khansa ya m'matumbo, ndiye munthu asamadzipime yekha.

"Bambo, mgaiwa, nyemba, nkhwani, mapapaya, madzi ambiri. Foni izitsala panja. Muzikhala m'beseni la madzi ofunda mphindi 10 mpaka 15. Zikakanika timamanga kamphira kuti kachotupako kafote, mwinanso opaleshoni."

Anandipatsa mankhwala akumwa ofewetsa chimbudzi ndi kachubu kopaka.

Tsono sabata yomweyo kunyumba kunali apongozi anga aakazi, ochokera ku Ntcheu, ndipo ankagona pabalaza. Iwo anali ndi kachubu kawo, mankhwala otentha aja opaka m'mawondo, ndipo mwana wawo anakasunga pawindo la kuchipinda kwathu. Pafupi ndi kanga. Usiku magetsi atazima, ululu unandidzutsa, ndinafufuza mumdima, ndinafinya mosaumira, ndinapaka.

Poyamba kunazizira bwino, ndinati adokotala aja ndi akatswiri. Kenaka moto unabuka. Abale, zinali ngati wina wathira kambuzi wosinja pabala. Kukuwa sikukanatheka, apongozi ali kuseri kwa chitseko. Kudutsa pabalaza ndili chibadwire sikukanathekanso. Mkamwini wanji ameneyo? Ndinaluma bulangete, ndinatsegula windo, ndinatulukira pomwepo.

Panja panali beseni limene mayi a kunyumba anatchera madzi a mvula yowaza ija. Ndinadzikhazika momwemo. Madzi a ku Mzuzu pakati pa usiku amaluma mafupa, koma ine ndinatseka maso, ndikugwedezeka, ndikung'ung'udza mawu oyamika.

Apo ndi pamene tochi inandiwalira kumaso. Anali alandilodi aakazi, ankapita kuchimbudzi. Mwamanyazi ndinatola chinthu choyamba chimene dzanja linakhudza kuti ndibise umuna. Linali lichero.

Taganizani inuyo: mwamuna wamkulu, ali mbulanda, pakati pa usiku, wakhala m'beseni, akung'ung'udza, lichero lili m'manja. Ku Malawi kuno chithunzi chimenechi chili ndi tanthauzo limodzi lokha.

"Fwiti! Fwiti!" mayi aja anakuwa m'Chitumbuka, tochi ikugwa. Zitseko za mdadada wonse zinatseguka. Wina anabwera ndi chibonga, wina ndi Baibulo. Mnyamata wa nyumba yakumapeto, amene ali ndi ngongole yanga ya thalauza, ankafunsa mokweza ngati ndikunyamuka kapena ndangotera kumene.

Amene anandipulumutsa ndi apongozi omwe ndinkawaopa aja. Anatuluka atafunda chitenje, ananunkhiza mpweya, n'kunena modekha: "Fungo ili ndi la mankhwala anga a mawondo." Anayang'ana kumbali mwaulemu, n'kundiponyera chitenje chawo china. Mayi a kunyumba, m'malo mondimvera chisoni, anakhala pansi pakhonde ndi kuseka mpaka misozi. Zinatengera kabuku ka kuchipatala, kuwerengedwa mokweza ndi tochi pamaso pa anthu onse, kuti chibonga chija chitsike. Matenda amene ndinkabisira ngakhale anzanga a kumsika anafika ku Zolozolo kusanache.

Kunsi kunapola patapita masabata angapo a mgaiwa ndi madzi ofunda, m'bafa, chitseko chokhoma. Ana a pamdadada mpaka lero amanditcha a pailoti.

Mwezi watha alandilodi aamuna anabwera ku makina anga ndi thalauza losang'ambika paliponse. Anakana mpando. Anaimirira nthawi yaitali, akuyang'ana uku ndi uku, kenako anawerama n'kunong'ona: "Atelala, kachubu kanu kaja, koyenerako, mumagula kuti?"